Ku Mulanje n'kubwerako dzuwa lisanalowe

Pa Limbe pali misewu iwiri yopita ku Mulanje, ndipo achinyamata ambiri amasankha umodzi galimoto ili kale paliwiro, wina wa mpando wakumbuyo akukuwa kuti, "Khoterani uku, achimwene!" Woyamba ndi wa Midima, wodutsa pa Bangwe, pa mphambano ya ku Nguludi ndi pa Nkando. Umenewu ndi wachidule: kuchokera mu Blantyre kukafika pa boma la Mulanje ndi makilomita pafupifupi 65. Wachiwiri ndi M2, wodzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza, ndipo umatalikirapo ndi makilomita ngati 20. Yonse ndi ya tala, yonse ikafikitsa munthu patsinde pa phiri. Koma si yofanana, ndipo kusankhako kumayenera kuchitika dzulo lake, anthu atakhala pansi.

Madalaivala akale, aja adayendetsa malole a tiyi m'misewu imeneyi mpaka imvi kumera, ali ndi kawerengedwe kawo. Iwo sayamba ndi funso lakuti anyamuka nthawi yanji. Amayamba ndi lakuti akhale atafika pakhomo nthawi yanji, kenako n'kumawerenga chobwerera m'mbuyo. Wolamula ulendo wa tsiku limodzi ndi dzuwa. Kummwera kuno, mwezi wa Juni dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti 5, ndipo ngakhale mu Disembala, masiku atatalika, silipitirira kwenikweni 6 koloko. Likangolowa, chisisira sichikhalitsa; mphindi 20 kapena 30 zokha, kunja kwada bii.

Tsono wofuna kulowa mu Limbe 5 koloko ayenera kutsazika phiri hafu pasiti 3. Ngati wanyamuka 6 koloko m'mawa, amafika cha m'ma 8, ndipo amakhala ndi maola 7 athunthu oti achite zimene wapitira. Koma gulu limene lidapangana 7 koloko, n'kumadikira mnzawo wa ku Ndirande amene akusambabe, kenako wina wa ku Chilomoni amene foni yake sikupezeka, limatuluka m'tauni 11 koloko. Gulu lotere lataya kale theka la ulendo lisanaone ngakhale tsamba limodzi la tiyi, ndipo maola otayikawo lidzawabweza ndi liwiro madzulo. Pamenepo ndi pamene ngozi zimabadwira. Wochedwa asiyidwe, adzapita ulendo wina. Mawuwa ndi owawa, koma ndi achikondi.

Chifukwa choopera mdima n'chodziwika kwa aliyense amene adayendapo usiku pakati pa Luchenza ndi Chitakale. Msewu wa kumeneko si wa galimoto zokha. Muli anthu ochokera kumsika atasenza katundu, njinga zonyamula matumba a makala kapena nthochi zopanda nyali ngakhale imodzi, anyamata a kabaza wa njinga zamoto atakweza anthu atatu, mbuzi, agalu, ndi wina amene wamwa kachasu n'kuona ngati tala ndi mphasa. Galimoto yochokera kutsogolo ikawalitsa magetsi aakulu, woyendetsa amachita khungu kwa kamphindi, ndipo kamphindi komweko n'kokwanira kugunda munthu amene masana akadamuona ali patali.

Za misewu iwiri ija, nzeru yabwino ndi kupitira ku Thyolo n'kubwerera ku Midima. M'mawa munthu amakhala ndi maso akuthwa ndi mutu wozizira, woyenera zitunda ndi makona a ku Thyolo, komanso ndiyo nthawi imene minda ya tiyi imaoneka bwino. Madzulo, thupi litatopa, msewu wachidule ndi umene umathandiza. Dongosololi limasintha nyengo ya chiperoni, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene mphepo yozizira yochokera mbali ya ku Mozambique imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza. Tsiku lotero pa Bvumbwe munthu amalephera kuona galimoto ili mamita ochepa patsogolo pake. Kukacha ndi chiperoni, ndi bwino kupitira ku Midima n'kubwerera komweko, magetsi ali oyaka ngakhale masana, juzi ili pafupi.

Msewu wa Midima uli ndi mbiri yake. Utamangidwanso ndi thandizo la European Union, Pulezidenti Bingu wa Mutharika adaitana Robert Mugabe wa ku Zimbabwe kudzautsegulira mu Meyi 2006, n'kuupatsa dzina la mlendoyo, ngakhale mabungwe omenyera ufulu wa anthu adakana zolimba. M'mbali mwake muli njira yopita ku Nguludi, kumene kuli chipatala cha mishoni ndi Catholic University of Malawi, komanso yopita ku Ndata, kumene kuli yunivesite ya MUST ndi manda a Bingu. Vuto la msewuwu ndi ubwino wake womwewo: malo ena ndi owongoka moti phazi limadzilemerera lokha pa chopondera moto, mpaka munthu kudzidzimuka ali pakati pa msika wa Nkando.

Galimoto imayenderedwa madzulo a dzulo lake, kukuwala, pamene makaniko sadatseke. Zofunika kuona si zachilendo: oilo, madzi a mu rediyeta, mabuleki, mawaipa, magetsi onse, mpweya wa m'matayala. Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi tayala la sipeya. Ambiri amadziwa kuti lilimo, koma sadziwa kuti lidaphwa chaka chatha, kapena kuti jeke adabwereka mlamu ndipo sadabweze. Wobwereka galimoto ya bambo kapena ya malume afunse mwini wake khalidwe lake, pakuti galimoto iliyonse yakale ili ndi nthenda imene mwini yekha amaidziwa: ina imatentha pachitunda, ina geji yake ya mafuta imanama. Safunsa adadya phula.

Mapepala nawo akhale m'manja: laisensi yeniyeni osati chithunzi cha mufoni, COF ndi inshuwalansi zosatha masiku, ndipo m'buti mukhale matirayango awiri ochenjezera ndi chozimira moto. Apolisi apamsewu amapezeka m'misewu yonse iwiri, nthawi zina ali ndi kamera yoyezera liwiro pafupi ndi malo a malonda. Akaimika galimoto, wanzeru amazimitsa wailesi, amatsitsa galasi, amapereka moni: "Mwadzuka bwanji, bwana?" Ngati walakwadi, alipire chindapusa n'kulandira lisiti la boma. Kupinda ndalama m'laisensi kumaoneka ngati kuchenjera, koma ndi mlandu wa katangale kwa wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo n'komwe kumasiya maminibasi opanda mabuleki akuyendabe pamsewu umene mayi ake a woperekayo adzadutsepo mawa.

Mafuta amwetsedwe ku Blantyre kapena ku Limbe, okwanira kupita ndi kubwera. Kuzungulira konse, kuphatikizapo kukhotera ku Likhubula, ndi makilomita oposa 170, ndipo galimoto yaing'ono imafuna malita 15 kapena kuposerapo, makamaka itadzaza anthu n'kumakwera zitunda. Ku Mulanje malo omwetsera mafuta alipo, koma zaka za 2022, 2023 ndi 2024 zidaphunzitsa dziko lonse kuti pampu ikhoza kuuma sabata yathunthu, galimoto zitandandalika pamzere usiku ndi usana. Mafuta a m'zigubu ndi m'mabotolo a m'mbali mwa msewu ndi okwera mtengo, ndipo palibe amene angalumbire kuti muli petulo yekhayekha. Ndalama za mafuta zisonkhedwe ulendo usanayambe. Chibwenzi chambiri chathera pa mawu akuti "ndikutumizira pa Mpamba tikafika". Ndipo ngakhale Airtel Money ndi Mpamba zafala, mayi wogulitsa chinanazi amafuna ndalama zogwirika, zing'onozing'ono.

Kuyambira ku Thyolo msewu umalowa m'dziko la tiyi. Tiyi wa malonda adayamba kudzalidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, m'minda ya Thornwood ndi Lauderdale, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko oyambirira kulima mbewuyi mu Africa. Lero mayina a Satemwa ku Thyolo, Lujeri, Ruo ndi Minimini ku Mulanje ndi odziwika mpaka kunja, ndipo pa Mimosa pali likulu la kafukufuku wa tiyi la Tea Research Foundation of Central Africa. Kwa woyendetsa galimoto mbiri imeneyi ili ndi tanthauzo lake lapamsewu. M'mamawa anthu othyola tiyi amakhala ali m'mbali mwa tala ndi madengu kumsana, ndipo nyengo ya dzinja, pamene tiyi amaphukira kwambiri, mathirakitala okoka ngolo za masamba amatulukira m'tinjira ta m'minda mosayembekezeka, akuyenda pang'onopang'ono. Kupitirira thirakitala pakona kapena pachitunda ndi kutchova juga ndi moyo wa anthu onse ali m'galimoto. Ofuna kujambula zithunzi aimike galimoto kunja kwenikweni kwa tala, pamalo oonekera mbali zonse, ndipo akumbukire kuti mindayo ili ndi eni ake ndi alonda ake. Munthu wogwira ntchito sajambulidwa osapemphedwa. "Zikomo amayi, tingakujambuleni?" ndi mawu osalipira kanthu.

Pali chizindikiro china chimene sichili m'buku la ku sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, koma mwana aliyense wakumudzi amachidziwa: masamba kapena nthambi zoyalidwa pamsewu. Nthawi zina zimanena kuti kutsogolo kwafa lole. Nthawi zambiri zimanena kuti pamudzi pali maliro. Apo liwiro limatsika mpaka kufanana ndi la munthu woyenda pansi, nyimbo zimazimitsidwa, hutala salizidwa, wovala chipewa amavula, wapanjinga amatsika n'kumaikankha. Achinyamata okulira m'tauni amene amadutsa pamaliro sipika ikugunda amadabwa anthu akawaimika mwaukali, n'kumati akumudzi ndi ovuta. Sikuvuta kumeneko. Msewuwo udadutsa pabwalo la anthu, ndipo wodutsa pakhomo pa eni ake amatsata mwambo wa pakhomopo.

Misika imafunanso ulemu womwewo. Pa Bvumbwe pali ndiwo zamasamba, tomato ndi mbatatesi. Ku Thyolo nthochi ndi mapeyala. Ku Mulanje chinanazi chotsekemera chimene anthu a m'tauni amachilota. Tsiku la msika malonda amasefukira mpaka pa tala. Zogula zigulidwe pobwerera ngati msewu wobwerera uli nazo, kuti zisapse m'buti tsiku lonse. Ndipo amene wakonza ulendo wake mu Okutobala afunse kaye tsiku la Mulhako wa Alhomwe, chifukwa tsiku limenelo khamu lopita pa Chonde limadzaza msewu, ndipo ulendo wa ola limodzi ndi theka umatha kusanduka wa theka la tsiku.

Kufika ku Mulanje, chiyeso chachikulu ndi kufuna kuona zonse. Tsiku limodzi limanyamula chinthu chimodzi chachikulu ndi china chaching'ono, basi. Kwa ambiri chachikulucho ndi Dziwe la Nkhalamba. Pa Chitakale munthu amakhotera msewu wa ku Phalombe, n'kuyenda makilomita ngati 10 kukafika ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya zankhalango ndi anyamata olondolera alendo. Kuchokera apo ndi ulendo wapansi wokwera, pafupifupi ola limodzi kwa munthu wosazolowera. Nsapato zikhale zotseka, osati masilipasi, ndipo madzi akumwa anyamulidwe. Wolondolera alipidwe bwino, mtengo utagwirizanidwa asananyamuke. Ntchito imeneyo ndiyo imadyetsa mabanja a m'midzi ya patsinde pa phiri.

Dziwelo ndi lokongola, koma lameza anthu, ambiri a iwo achinyamata obwera kudzasangalala tsiku limodzi. Madzi ake ndi ozizira kwambiri chifukwa amachokera pamwamba pa phiri, ndi akuya, ndipo miyala yake ndi yoterera. Munthu amene adaphunzira kusambira pamchenga wa ku Mangochi asadzinamize kuti ndi madzi amodzimodzi. Wosadziwa kusambira aviike mapazi okha, ndipo amene walawa mowa asayandikire n'komwe. Eni dera amalemekeza malowa ngati a mizimu ya makolo, ndipo ulemu umenewo ndi umodzi mwa zifukwa zimene bungwe la UNESCO lidalembera phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse mu Julayi 2025, kutsatira Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Kusiya mabotolo ndi mapepala a chipisi pamalo otere n'kudzichotsa ulemu.

Sapitwa ndiye asalowe n'komwe m'ndondomeko ya tsiku limodzi. Nsonga imeneyi ndi yotalika mamita 3,002, ndipo okwera amagona m'tinyumba ta pamwamba pa phiri asanaiyese. Anyamata ena amamva kuti othamanga mpikisano wa Porters Race, umene umachitika mu Julayi kuchokera ku Likhubula, amakwera ndi kutsika makilomita oposa 20 m'maola osakwana atatu, n'kumaganiza kuti phirilo ndi lofewa. Amaiwala kuti mpikisanowo sufika pa Sapitwa, ndipo ambiri opambana ndi anthu amene adakula akusenza katundu m'njira zomwezo. Mu Julayi 2009 mnyamata wina wa ku Brazil, wophunzira bwino ndiponso woyenda maiko ambiri, adasiya womulondolera kuti akafike pansonga yekha n'kubwerako msanga. Nyengo idasintha, ndipo thupi lake lidapezeka patapita masabata oposa awiri.

Pochoka ku Likhubula pamakhala ogulitsa timabokosi ndi ziboliboli zonunkhira bwino. Fungo limenelo nthawi zambiri ndi la mkungudza, mtengo wa fuko la Malawi, umene mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yamoyo, ndipo a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi akhala akudzala mbande zambirimbiri kuti mtengowu usatheretu. Wogula kabokosi ka mkungudza ndiye amatuma wodula. Mphatso ya kunyumba ikhale chinanazi kapena paketi ya tiyi.

Amene phiri silimukoka akhoza kupitirira ndi M2 makilomita ngati 30 mpaka ku Muloza, pamalire ndi Mozambique, kudzera pa msika wa Limbuli. Msewu umenewu umayenda pakati pa tiyi ndi phiri, ndipo ndi umodzi mwa yokongola kwambiri m'dziko muno. Kuwoloka kupita ku Milange kumafuna mapepala a munthu ndi a galimoto, choncho wa tsiku limodzi atembenukire pa Muloza. Koma kuphatikiza Likhubula ndi Muloza tsiku lomwelo ndi dyera, chimodzi chisiyidwe.

Nyengo ya mvula ili ndi malamulo akeake. Mulanje ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi, ndipo mitsinje yake, Likhubula, Thuchila, Lichenya, Ruo ndi Muloza, imatsika paphiri mwaukali. Imatha kudzaza pansi pano dzuwa likuwala, chifukwa mvula yagwa kumtunda. Akulu a ku Phalombe sadaiwale napolo wa mu Malichi 1991, ndipo ngakhale ana adaona zimene namondwe Freddy adachita mu Malichi 2023, pamene anthu oposa 1,000 adafa m'dziko muno, midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe n'kukwiririka m'matope ndi miyala, milatho n'kukokoloka. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, wokonza ulendo amvere kaye a zanyengo pa wailesi, ndipo aimbire munthu amene ali ku Mulanjeko kumufunsa mmene kwachera. Madzi akadutsa pamwamba pa mlatho, galimoto iime. Kuona minibasi itawoloka si umboni wakuti mlathowo ukadali wonse pansi pa madziwo.

Za mowa n'zachidule. Gulu lisankhe woyendetsa lisananyamuke, ndipo iyeyo asalawe ngakhale botolo limodzi mpaka makiyi atabwezedwa kwa mwini galimoto. Anzake amugulire chakudya chamasana. Lamba amange aliyense, ndipo foni ya woyendetsa isungidwe ndi wokhala pambali pake.

Opanda galimoto ulendowu amauthanso. Maminibasi ndi ma Sienta a ku Mulanje amanyamukira pa Limbe, koma amanyamuka akadzaza, osati nthawi ikakwana, ndipo amaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Wokwera zimenezi awonjezere ola limodzi mbali iliyonse, afunse kondakitala ngati ikudzera ku Midima kapena ku Thyolo, ndipo akhale ali pa siteji ya Chitakale 3 koloko isanapitirire. Ndalama yobwerera isungidwe thumba lina, losagwiridwa pogula kanyenya. Pokwera njinga yamoto kupita ku Likhubula apemphe chipewa choteteza mutu, ndipo akane kukwezedwa awiri.

Zikavuta panjira, ndi bwino kudziwiratu kolowera. Mbali ya Midima kuli chipatala cha Nguludi, mbali inayo kuli chipatala cha boma cha Thyolo, ndipo ku Mulanje kuli cha boma ndi cha Mulanje Mission. Wochita ngozi athandize wovulala kufika kuchipatala n'kukanena kupolisi. Ngati khamu layamba kuwopseza, alunjike ku polisi yapafupi, osati kunyumba. Kunyumbako nako kukhale munthu mmodzi wamkulu wodziwa msewu umene gulu latenga, nambala ya galimoto ndi nthawi yoyembekezera kubwera. Achinyamata ena amabisa ulendo poopa kukanizidwa, ndipo zikachitika zoipa makolo amayamba kufunafuna ku Zomba anawo ali ku Likhubula.

Nanga ngati zonse zalephereka, tayala laphulika kawiri, nkhungu yatsika, 6 koloko yakwana gulu likadali pa Chitakale? Pamenepo ulendo wa tsiku limodzi usanduke wa masiku awiri. Pa boma la Mulanje ndi pa Chitakale pali malo ogona alendo a mitengo yosiyanasiyana, ku Likhubula kuli Likhubula House ya mpingo wa CCAP, ndipo ambiri ali ndi azakhali kapena mnzawo wa kusukulu m'deralo amene sangawakanize mphasa. N'chifukwa chake posonkha za mafuta payenera kukhalanso kandalama kapadera kosungira zoterezi, ndipo tchaja ya foni isatsale kunyumba. Aimbire mwini galimoto kumuuza zoona zake, aimbirenso makolo, adye nsima, agone. Galimoto ya ku Mulanje yonyamuka 6 koloko m'mawa kudzera ku Midima imafikitsa munthu ku Limbe nthawi yoti n'kukalowabe ntchito kapena kalasi ya 8 koloko.